Mtsinje wa Lilongwe ndi Tauni Yakale Imene Timatsikiramo

Munthu wa kuno ku Ntchisi akanena kuti wapita ku Lilongwe, kawirikawiri sakhala akunena za Capital Hill kapena nyumba ya malamulo. Amakhala akunena za kadera ka m'mbali mwa mtsinje: depoti ya mabasi, msika waukulu, Malangalanga, Bwalo la Njobvu, chipatala cha Bwaila ndi mzikiti waukulu uja umene nsanja zake zimaonekera patali. Kumeneko n'kumene minibasi yodzera ku Mponela imatitsitsa, n'kumene makolo ena amapikula katundu wa m'maokala, ndipo n'kumenenso ambiri mwa ana athu a Fomu 4 adzafikire akadzayamba kusaka ntchito, ganyu kapena malo a kukoleji. Pamapu derali limatchedwa Old Town, ndipo ndi Area 1, 2, 3 ndi 4. Miyendo yathu imalidziwa bwino, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti linakhala bwanji chonchi. Taganiza zolemba mbiri yake chifukwa mbali ina ya mbiriyo ndi ya agogo athu a ku Dowa ndi kuno.

Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi dziko la Mozambique. Umadutsa ku Malingunde, kumene kuli madamu awiri a Kamuzu, n'kulowa mumzinda, kukumana ndi Lingadzi, kenaka n'kukathira mu Linthipe amene amakafika kunyanja m'boma la Salima. Azungu asanabwere, m'mbali mwa mtsinjewu munali midzi ya Achewa basi, ndipo dzina lakale la malowa, Bwaila, likadalipo pa chipatala ndi pa sukulu ya sekondale. Mu 1904 boma la atsamunda linakhazikitsa ofesi ya bwanamkubwa pamenepa, m'dera la mfumu Njewa. Patangopita nthawi yochepa, amalonda a ku India anafika n'kutsekula masitolo.

Chimene tiyenera kumvetsa choyamba n'chakuti mtsinjewu unasandutsidwa malire. Kutsidya la kumadzulo, kumene lero kuli Area 3, kunali maofesi a boma, nyumba za Azungu ndi bwalo lawo la gofu. Kutsidya la kummawa kunaikidwa masitolo a Amwenye, msika ndi nyumba za anthu akuda. Ngakhale zipatala zinali ziwiri. Cha Azungu chinali kumtunda ndipo ankachitchula kuti Top Hospital, pamene cha anthu akuda chinali kumunsi, pafupi ndi madzi, n'kupatsidwa dzina lakuti Bottom Hospital. Ana inu mukamva agogo akunena kuti "anandigoneka ku Botomu", dziwani kuti akunena chipatala cha Bwaila, ndipo dziwaninso kuti dzina limenelo silinali lofotokoza za chitunda ndi chigwa chokha. Linkasonyeza amene ali pamwamba ndi amene ali pansi. Malamulo osankhana mitundu anatha ndi ufulu wodzilamulira, koma mukaima pa mlatho lero n'kuyang'ana uku ndi uku, muona nokha kuti mbali ina ili ndi mitengo ndi mipanda, ina ili ndi fumbi, phokoso ndi chinamtindi cha anthu.

Fodya wa chikopa

Lilongwe akanangokhala kaboma kakang'ono ngati Dowa kapena Ntchisi pakanapanda fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsekula minda m'derali, kuphatikizapo esiteti ya Mbabzi. Iwowa anaona kuti phindu lalikulu silinali pa kulima okha ayi, koma pa kugawa mbande kwa anthu a m'midzi, kuwaonetsa kauchidwe ka fodya ndi utsi m'zigafa, kenaka n'kudzamugula. Fodya ameneyu ndi amene timamutcha chikopa. M'zaka zowerengeka alimi zikwizikwi a m'maboma a Lilongwe ndi Dowa analowa ulimiwu, ndipo chigawo chapakati chinasanduka chimake cha fodya wolimidwa ndi anthu akuda m'dziko lonse la Nyasaland.

Boma litaona ndalama zikuyenda, linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Bungweli linkalembetsa alimi, kuika malo ogulitsira fodya ndi kudula msonkho pa fodya wa mlimi. Linkanena kuti likufuna kukweza mtundu wa fodya, ndipo mwina n'zoona kuti linatero, koma mlimi analibe mawu pa mtengo. Bungwe lomweli ndi limene linasinthasintha mayina mpaka kukhala Farmers Marketing Board mu 1962 ndi ADMARC mu 1971. Choncho madandaulo amene makolo athu amakhala nawo nyengo iliyonse yokolola, akuti wogula ndiye amatchula mtengo wa soya ndi mtedza pamene wolima angovomera, ali ndi zaka pafupifupi zana limodzi.

Fodya ndiye anadzaza tauni. Kampani ya Imperial Tobacco inatsekula fakitale yake ku Lilongwe cha m'ma 1930. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malole anayamba kutsika ndi mabelo kudzera m'mapiri a Dowa kupita kusiteshoni, n'kubwerera ndi nsalu, mchere, makasu ndi njinga. Mlimi akalandira ndalama zake ankaolokera kummawa kwa mtsinje kukagula biriwita wa mayi a kunyumba, ndipo pakhonde pa sitolo yomweyo ankapeza telala ndi makina ake womusokera pomwepo. Mu 1947 Lilongwe anapatsidwa udindo wa tauni.

Atelala a pakhondewa tiyenera kuwatchula mwapadera, chifukwa ambiri mwa iwo anali Asilamu anzathu ochokera ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota. Ena ankabwera ndi usipa ndi utaka wouma kuchokera kunyanja, ena ankagwira ntchito yophika, yolondera kapena yozinga nyama. Chisilamu chinali kale m'dziko muno kuyambira nthawi ya a Jumbe a ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, ndipo njira zochokera kunyanjako n'zimene zinachibweretsa m'mapiri athu ano. Koma ku Lilongwe, Msilamu Wachiyao kapena Wachichewa anakumana ndi Msilamu wochokera ku Gujarat, amene ankalankhula chilankhulo china, kudya zakudya zina, koma n'kumayang'ana ku kibla chimodzimodzi. Si Amwenye onse anali Asilamu. Ena anali Ahindu, ndipo kachisi wawo alinso m'dera lomwelo la Area 2.

Pa ubale wa magulu awiriwa tinene zoona zake. Amalonda ochokera ku India ndi ana awo amanga mizikiti ndi madrasa ambiri m'dziko muno, akumba mijigo, alipirira ana sukulu, ndipo m'mwezi wa Ramadhan chakudya chawo chimafika mpaka m'midzi yakutali. Komabe n'zoonanso kuti kwa zaka zambiri mmodzi anali bwana ndipo wina anali wantchito, ndipo antchito a m'masitolo akhala akudandaula za malipiro ochepa ndi maola ataliatali. Anthu amene aima phewa ndi phewa pa swala ya Ijumaa amabwerera m'sitolo imodzi, wina kukakhala pa kauntala, wina kukasenza matumba a simenti. Kusiyana chuma pakokha si tchimo, koma malipiro a wantchito ndi nkhani imene chipembedzo chathu sichiitenga mopepuka, ndipo ife tikuona kuti makomiti a mizikiti sayenera kuchita nayo manyazi.

Opita ku Joni ndi obwerera

Tauni yakaleyi inalinso njira ya anthu otuluka m'dziko. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a chigawo chapakati ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, dzina limene anthu anapatsa bungwe la Witwatersrand Native Labour Association. Ena ankapita ku minda ya ku Southern Rhodesia kudzera ku bungwe limene ankalitcha Mthandizi, ndipo ena ankangonyamuka paokha, zimene ankati kupita pa selefu. Msonkho ndi umene unkawathamangitsa m'mudzi. Amene anabwerera anabwera ndi njinga, wilesi, sutikesi yachitsulo ndi mawu a chilapalapa. Amene sanabwerere ndi aja timawatcha matchona, ndipo m'mabanja ambiri kuno ku Ntchisi muli dzina la agogo kapena amalume amene manda awo palibe anawaona.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kumudzi anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi nthawi yomweyo. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ndi anthu ochepa, ndipo kunatheratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Amuna zikwizikwi amene anabwerera m'zaka zimenezo ena analowa m'maesiteti a fodya, ena anabwerera kumunda, ndipo ena anapeza kuti ku Lilongwe kuli ntchito yomanga mzinda watsopano.

Likulu limangidwa kwina

Dziko litangolandira ufulu, Dr Banda anatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Boma la Britain linakana kupereka ndalama za ntchitoyi, ndipo ngongole yoyamba, ya ma rand 8 miliyoni, inachokera ku boma la tsankho la South Africa. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko.

Okonza mapulani sanafune kumanga likulu pa tauni yakale. Anapita kumpoto, kutsidya kwa Lingadzi, n'kumanga Capital Hill ndi City Centre, ndipo pakati anasiyapo nkhalango. Mafakitale anawaika ku Kanengo, kumene okushoni ya fodya inatsekulidwa mu 1979, chaka chomwe njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe. Bwalo la ndege analiika ku Lumbadzi, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1983. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsekulidwa mu 1977. Madera a mzinda anapatsidwa manambala osatsata kuyandikana kwa malo, n'chifukwa chake mlendo amasokonezeka akapeza kuti manambala otsatizana ali kutali wina ndi mnzake.

Tikaona mapulani amenewa, zikuoneka kuti eni ake ankayembekeza kuti mtima wa mzinda usamukira ku City Centre. Sizinatero. Maofesi anasamuka, koma malonda anatsala pa mtsinje. Wantchito wa boma ankagwira ntchito ku Capital Hill koma ndiwo, nsapato za ana ndi malata ankakagula ku Old Town. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: basi imatsitsira kumeneko, katundu ndi wotsika mtengo kumeneko, ndipo anthu wamba amakhala chapafupi, ku Kawale, Mchesi, Biwi ndi Falls.

Lamulo lina la nthawi yomweyo linawonjezera mphamvu za derali. Kuyambira mu 1970 boma linayamba kuchotsa amalonda a Chimwenye m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Cholinga chimene chinanenedwa chinali chakuti Amalawi atenge masitolowo, ndipo masitolo a Chipiku anayenera kumawapikulitsa katundu. Ena anakwanitsa, koma ambiri analibe mpamba ndipo nyumba zambiri zinangotsala mabwinja. Makolo achikulire akukumbukira masitolo a makonde aatali amene anatsekedwa m'matauni ang'onoang'ono a chigawo chino. Mabanja ena a Chimwenye anachoka m'dziko muno kupita ku Britain, ena anasamukira ku Area 2. Zotsatira zake n'zakuti katundu amene mlimi ankamupeza pafupi anayamba kumuyendera ulendo wa tsiku lathunthu.

Chiwerengero cha anthu chikufotokoza zotsalazo. Pa kalembera wa 1966 mu Lilongwe munali anthu pafupifupi 19,000. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318, kuposa Blantyre. Mafakitale a ku Kanengo ndi maofesi a boma sakanatha kulemba ntchito anthu onsewa, choncho anthu anadzipangira okha ntchito. Ku Mchesi kuli akalipentala opanga mipando, mabedi ndi mabokosi a maliro. Ku Biwi kuli amakanika, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zipangizo za galimoto. Kuseri kwa msika kuli okhoma zidebe, mbaula ndi makheni othirira mbewu. Imeneyi ndiyo fakitale yeniyeni ya tauni yakale, yopanda chikwangwani ndiponso yopanda penshoni, ndipo mnyamata amene ali ndi luso la manja ndi mbiri ya kukhulupirika amapezamo chakudya. Tisabisenso kuti dera lomwelo lili ndi kamsewu kamene anthu anakatcha Devil Street, ndipo dzinalo silinabwere mwangozi. Mnyamata wofika kumene ndi ndalama za soya m'thumba amakhala ndi abwenzi ambiri tsiku loyamba.

Mu April 2006 boma la Dr Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo, ndipo ku Lilongwe ambiri anapatsidwa malo m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Lero misika ya Tsoka ndi Lizulu yayang'anizana, madzi ali pakati. Wina uli ndi kaunjika, nsapato ndi zipangizo za mafoni, winawo uli ndi tomato, mbatata ndi kabichi. Pofuna kufupikitsa njira, anthu anamanga milatho ya mitengo ndi matabwa, ndipo woolokapo amalipira kandalama kwa mwini mlatho. Mvula ikakula madzi amaikokolola, dzinja likatha amaimanganso. Malire aja amene atsamunda anaika, anthu wamba anawaoloka ndi mitengo ya bulugama ndi misomali.

Alendo a masiku ano

Kubwera kwa alendo sikunathe. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, dziko lino linasunga othawa kwawo opitirira miliyoni imodzi. Kenaka kunabwera amalonda a ku Tanzania, Nigeria ndi Pakistan, ndipo Malawi atapanga ubale ndi dziko la China kumapeto kwa 2007, masitolo a Matchaina anachuluka. Mu 2012 boma linabwereza zimene zinachitika m'ma 1970, n'kulamula kuti amalonda akunja azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Nkhani imene ikutikhudza kwambiri ndi ya Dzaleka, chifukwa ili pakhomo pathu m'boma la Dowa. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 anasandutsidwa msasa wa othawa nkhondo. Anakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala mumsasa, koma kwa zaka zambiri ena anatuluka n'kukatsekula maokala ndi mashopu ku Lilongwe ndi m'matauni ena, ndipo anthu ankangowatcha onse kuti Maburundi. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira n'kuwabwezera ku Dzaleka. Mazanamazana, kuphatikizapo amayi ndi ana, anayamba asungidwa ku ndende ya Maula.

Ife tamva mbali zonse ziwiri. Wamalonda wa ku Malawi amati mlendo akumulanda makasitomala, ndipo dandaulo la munthu amene okala yake ikugwa si lonyozeka. Boma nalo lili ndi udindo wodziwa amene ali m'dziko. Koma ana amene anabadwira ku Lilongwe, olankhula Chichewa ngati ana athuwa, anachotsedwa m'kalasi pakati pa teremu, ndipo katundu wa mabanja ena anaonongeka. Mtundu umene agogo ake anagona m'makomponi a ku Joni, umene ana ake anathamangitsidwa ku South Africa pa ziwawa za 2008 ndi 2015 n'kubwera pa mabasi ali chimanjamanja, unayenera kuchita zinthuzi mwaulemu woposa pamenepo. Ophunzira athu a mbiri ya Chisilamu akudziwanso kuti Asilamu oyambirira anathawira ku Habasha, ndipo amene anawasunga anali mfumu ya Chikhristu.

Madzi enieniwo

Tatchula mtsinje ngati malire ndi ngati msika, koma mtsinje ndi madzi, ndipo madzi amenewa ali pa mavuto. Pafupifupi madzi onse a m'mipope ya mumzinda amachokera mu mtsinje womwewu. Bungwe la Lilongwe Water Board limawasunga m'madamu a ku Malingunde, limene loyamba linamangidwa mu 1966, ndipo limawatunga asanafike pa msika. Akangodutsa pamenepo amakumana ndi zinyalala za m'misika iwiri ija, mapepala a pulasitiki, mafuta a m'magalaja ndi zonyansa za m'zimbudzi zosefukira. Ofukula mchenga akumba m'mphepete mpaka magombe akugumuka, ndipo kumtunda nkhalango ya Dzalanyama yadyedwa ndi makala, moti boma linafika potumizako asilikali kukailondera. Mitengo ikatha kumtunda, madzi a mvula amatsika nthawi imodzi n'kusefukira m'nyumba za m'mbali mwa mitsinje, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umaphwa msanga.

Mwana wa madrasa aliyense amaphunzira kuti madzi amene asintha mtundu, fungo kapena kukoma chifukwa cha najisi sayenera kugwiritsidwa ntchito pa wudhu. Amene anaimapo pa milatho ya matabwa ija mu Okutobala safunika kuuzidwa kuti madzi a pansipo ali m'gulu liti. Komabe kumunsi kwa mzinda anthu amachapa m'madzi omwewo, kuthirira ndiwo zamasamba zimene zimabwereranso pa msika, ndipo ana amasambamo. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Pa chipatala cha Bwaila panaikidwa mahema a odwala, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsekulidwa.

Mlatho waukulu wa pa msewu wa M1, umene kwa zaka zambiri unkapanikiza magalimoto onse olowa ndi otuluka m'tauni yakale, wakuzidwa m'zaka zaposachedwapa ndi thandizo la dziko la Japan. Koma mzinda ukukula mofulumira kuposa madzi amene mtsinje ungapereke, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zingapo tsopano pali ntchito yofuna kupopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima, mtunda wopitirira makilomita 100, kukwera nawo mpaka ku Lilongwe. Mapaipi ake akuyenera kudutsa m'mapiri a Dowa, kufupi ndi njira imene malole a fodya wa chikopa ankatsikira.